Wopima madzi akukana kusiya mtsinje

Omvera athu, lero Lolemba tiyamba ndi chilengezo cha antchito aboma. Ofesi ya malipiro ikudziwitsa aphunzitsi, azachipatala, alangizi ndi antchito ena onse kuti kuyambira mwezi uno sipadzakhalanso mapepala a malipiro. Kusindikiza ndi kutumiza mapepalawa kumadya ndalama zambiri, choncho aliyense azilandira uthenga wa malipiro ake pafoni. Wantchito aliyense afike yekha ku ofesi ndi chitupa chake kuti adzajambulidwe ndi kudinda chala. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu likubwerali. Amene sadzaoneka, dzina lake lidzafufutidwa ngati la munthu amene kulibe. Chilengezochi chachokera kwa mkulu wa ofesi ya malipiro.

Lero Lachiwiri tili ndi ichi. Mayi a kunyumba kwa wopima madzi, bambo aja amawerenga manambala pachitsulo chozikidwa mumtsinje kumtunda kwa mlatho, akudziwitsa alamu awo okhoma zidebe pamsika, ndi achemwali a bambowo okwatiwa kutsidya, kuti abwere mawa m'mawa adzalankhule ndi m'bale wawo. Bambowo akukana kupita kukajambulitsa. Ku ofesi ndi ulendo wa masiku awiri kupita ndi kubwera, ndipo akuti sangasiye mtsinje mvula ili chonchi. Zaka makumi awiri ndi zitatu akuwerenga madzi m'mawa ndi masana, sanadumphepo tsiku. Mayiwo atachonderera, iwo anangoti, "Amake ana, mtsinjewu ukulidziwa Lachisanu?" Patsala zaka ziwiri kuti apume pantchito, ndipo dzina likafufutidwa thukuta lonselo lapita pachabe. Akuti mubwere ndi mawu ozizira. Munthuyo ndi wofatsa, kungoti akanena wanena. Chilengezochi chachokera kwa akazi awo a wopima madzi.

Lero Lachitatu, mesenjala wa ofesi ya malipiro, amene ambiri mumawadziwa kuti a Belu, akudziwitsa onse amene ankawabweretsera mapepala panjinga kuti ulendo wa mwezi watha unali womaliza. Akuthokoza chifukwa cha madzi akumwa, mithunzi ndi pampu yopopera matayala. Akuuzanso akazi awo a wopima madzi kuti asataye mtima. Makope onse amene anthu ankasainamo polandira mapepala, a Belu anawasunga m'sutikesi. Wopima madzi sankasaina ngati anzake: pambali pa dzina ankalembaponso pamene madzi afika tsikulo, ati poti cholembera chili kale m'manja. A Belu atengera makopewo kwa abwana, ndipo manambala ake agwirizana ndi amene ali ku ofesi ya zamadzi, mwezi ndi mwezi. Abwana apukusa mutu nati, "Munthuyu alipodi, koma kompyuta ikufuna nkhope ndi chala." Tsono a Belu akupempha aliyense amene ali ndi tayala lolimba lakumbuyo kuti awabwereke, chifukwa njinga yawo inazolowera kunyamula mapepala, osati anthu. Chilengezochi chachokera kwa a Belu.

Lero Lachinayi tiyamba ndi chofulumira. Akudziwitsa onse olima ndi odyetsa ziweto kumunsi kwa mlatho kuti madzi adutsa mzere wofiira wa pachitsulo chopimira m'mawa uno ndipo akukwerabe. Chotsani ng'ombe kudambo dzuwa lisanapendeke. Ana asukulu asawolokere pamiyala, azungulire pamlatho. Achimwene olima mpunga pafupi ndi mkuyu, chonde musachite makani ngati chaka chatha. Chilengezochi chachokera kwa wopima madzi, amene akuti mpaka mawa akadalipo.

Lero Loweruka titseka ndi chothokoza. Akazi awo a wopima madzi akudziwitsa alamu ndi abale onse kuti mitima ikhale pansi. Dzulo masana a Belu anatulukira akukankha njinga m'matope, pambuyo pawo pali mayi wojambula wa ku ofesi, nsapato kumanja, makina atakulunga m'pulasitiki. Abwana ndiwo anawatuma atamva chilengezo cha madzi chija. Mayi wojambulawo akuti pa zitunda zonse, akafuna kutsika panjinga, a Belu ankawauza kuti, "Khalani pomwepo adona, mapepala sankatsika." Anapeza bambowo ali m'mphepete mwa mtsinje, kope lili m'manja. Chala anadinda bwinobwino, ngakhale anayamba achiumitsa pamalaya. Pojambula ndiye panavuta: wojambula akati yang'anani kuno, maso a bambowo ankathawira kuchitsulo, chifukwa madzi anali atayamba kutsika. Anajambula kanayi, kanayi konse akuyang'ana kumbali. Wojambula anaseka nati ofesi ichilandira chithunzicho momwemo. Dzina lalowa, ng'ombe za kudambo zonse zili m'makola, ndipo pachitupa chatsopano wopima madzi akuoneka akuyang'ana mtsinje. Chilengezochi chachokera kwa akazi awo, ana ndi adzukulu.