Mabuleki Akumbuyo Anatsala Pang'ono Kundilanda Ana a Sukulu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mayi wamasiye wa ku Area 25, ndipo banja langa limadalira kaminibasi kamene amuna anga anandisiyira. M'mawa uliwonse ndimanyamula ana kupita nawo kusukulu ku Area 49. Mabuleki akumbuyo anatsala pang'ono kundichotsera chakudya pakamwa.

Mabulekiwo atayamba kulira, ndinapita kugalaja ina ku Biwi, anandiikira atsopano. Mawa lake, ndili ndi ana, galimoto inalemera ngati ndanyamula simenti. Matayala akumbuyo anagwira osasiya, akununkha chopserera. Nditabwerera ku Biwi anamasula handibuleki n'kunena kuti zatheka, koma sizinatheke. Ikazizira inkayenda, ndikangoponda buleki kangapo, basi yagwiranso.

Ndinatopa, abale. Ndinatopa ndi kupepesa makolo ana akachedwa, ndinatopa ndi kuthira madzi pamatayala anthu akuonerera. Makolo anayamba kusamutsira ana awo kwa a Phiri, dalaivala wina wa m'dera lathu. Mlamu wanga, amene ngakhale chimfine amati n'cha anthu, anati a Phiriwo ndiwo andilodza. Ine ndinalibe ndi mphamvu zomwe zomutsutsira.

Tsiku lina inagwiranso pafupi ndi msika, ana otsalawo ali momwemo. Ndinagoneka mutu pachiwongolero n'kuti, "Ambuye, mawu andithera." Galimoto imene inaima inali ya a Phiri. Anatenga anawo kukawasiya kusukulu, n'kubwerera ndi jeke. Atamasula kanati kotulutsira mafuta a mabuleki, tayala linazungulira lokha.

"Amayi, vuto ndi kapaipi kalabala aka," anatero. "Anyamata a kugalaja aja anakapana ndi pulayala pokonza, ndiye kanaphwanyika mkati. Mafuta akupita koma sakubwerera. Inenso zinandigwerapo."

Tinasintha kapaipiko, galimoto inapepuka. Kenaka, ndili chiimire pomwepo, a Phiri anaimbira makolo aja mmodzimmodzi. Ankangoti, "Galimoto ya amayi yachira. Ine ndimangowagwirizira, mawa ana abwerere kwa amayiwo."

Ndinalira pamsewu pomwepo, sindinasamale za anthu. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wotopa. Inu amene mwafooka, pirirani ndipo musasiye kupemphera, ngakhale mawu akhale ochepa ngati anga aja. Mawa lake ndinadzuka, mipando yonse inadzaza ana, ndipo tinafika belu lisanalire.