Cholakwika Nambala 17 m'Kope la a Zakeyu Nthanda

Malemu a Zakeyu Nthanda, amene tikuwaperekeza lero, anabadwa pa 9 Meyi 1952 kuno kwa Kanduku, m'banja la alimi a chimanga ndi mtedza. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine Mateyu, mlamu wawo, ndiye ndikawanena pang'ono musadabwe, anamfedwa. Ali moyo tinkatero ndithu.

Sukulu anayamba mu 1960 ku Thambani, akuyenda wapansi. Sekondale anakaphunzira ku Blantyre, ndipo mu 1975 anamaliza maphunziro a zachipatala. Pa 6 Ogasiti 1978 anakwatira achemwali anga a Jane. Tsiku limenelo tinachedwa kudya, chifukwa mkwati anapeza kuti chilembo chimodzi m'dzina lake chasowa pa setifiketi, nakana kusaina mpaka achikonze. Mpamene tinadziwa kuti talandira munthu wosalola kanthu kudutsa.

Mu 1988, nkhondo itavuta ku Mozambique, malemu anatumizidwa kukathandiza othawa nkhondo pa msasa wina kufupi ndi malire. Chipatala chake chinali tenti. Masana a pa 21 Epulo anthu anabwera ndi mayi woyembekezera, atavulala kwambiri panjira. Malemu anali okha. Mwana anabadwa wosapuma, mayi akutaya magazi. Iwo anayamba ndi mwana, ndipo pamene mwanayo ankalira, mayi anali atatisiya. Achibale sanapezeke. A Jane anamulandira khandalo n'kumulera limodzi ndi ana awo. Ndi a Thandie akhala apawa, amene lero ndi namwino. Banja landilola kunena kuti kuyambira tsiku limenelo malemu ankadziimba mlandu kuti anasankha molakwa, ndipo palibe anatha kuwachotsa maganizo amenewo, ngakhale abusa.

Mu 2010 malemu anapuma pa ntchito. Mwana wawo a Yakobe anawagulira ku Boma zimbale za sewero lakale la pa kanema, loseketsa, la madokotala a asilikali ogwira ntchito m'matenti nthawi ya nkhondo. Koma abale inu! Tinkati tawapezera chosangalatsa, osadziwa kuti tawapezera ntchito ina. Analikonda seweroli mpaka kuloweza mayina onse, koma gawo limodzi analigwira pakhosi. M'gawo limenelo amabweretsa mayi wapakati wovulala, madokotala anayi akumuthandiza uku akunyogodolana, mapeto ake mayi ndi mwana ali bwinobwino.

Malemu anagula kope lapadera ndi cholembera chofiira, kuti azilemba zolakwika za m'gawo limenelo. Ambirinu munakhalapo pakhonde lawo lija muli mboni: mphindi ziwiri sizinkatha asanaimitse kanema ndi rimoti. Amati taonani diripi ili m'munsi mwa mkono, madziwo akwera bwanji? Amati dokotalayo wavala magolovesi kenako wakanda mphuno. Bandeji inali kumwendo wamanzere, pano yasamukira wamanja, yayenda yokha kodi? Chinkawapweteka kwambiri ndi anthu osaoneka amene amamveka akuseka m'seweromo. Ankafunsa kuti amenewo ndani, nanga analowa bwanji m'chipinda cha opaleshoni osasamba m'manja. Ine ndinawauzapo kuti alamu, ndi sewero chabe ili, iwo n'kundiyankha kuti n'chifukwa chake sindinapatsidwe ntchito ya chipatala. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuonera gawo limenelo, mapeto ake ndinachita kumva kwa a Yakobe, chifukwa malemu ankazimitsa mayi uja asanadzuke.

Mu Novembala 2024 anayamba kudandaula mtima ndi kutupa miyendo. Anagonekedwa kuchipatala kawiri, ndipo kumeneko anamwino anawadziwa, pakuti diripi yawo yomwe ankaiyeza ndi maso. Mu Febuluwale chaka chino anabwerera kunyumba, a Thandie natenga tchuthi kudzawasamalira.

Pa 3 Malichi a Thandie akuyala pabedi anapeza kope lija pansi pa pilo. Munali zolakwika 16 zimene tonse tinkazidziwa. Nambala 17 sanatiwerengerepo. Analemba kuti: "Mayi wa pa kanema anachira. Wanga sanachire, chifukwa ndinayamba ndi mwana."

A Thandie anatenga cholembera chofiira cha bambo awo chomwecho n'kulemba pansi pake kuti: "Apa mwalakwitsa ndinu, ababa. Pa kanema madokotala alipo anayi, inu munali ndi manja awiri. Komanso mawuwo si oona. Amayi anachira. Anachira mwana wamkazi, ndipo ndi amene akulemba pano."

Malemu anavala magalasi, anawerenga kawiri, nafunafuna pokonza monga mwa chizolowezi chawo. Sanapapeze. Analira, ndipo nafe amene tinalipo tinalira. Kenako anapempha kuti tiike gawo lija. Rimoti anaipereka kwa a Jane. Tinaonera kuyambira poyamba mpaka mayi uja atadzuka n'kunyamula mwana wake, ndipo anthu osaoneka aja ataseka, alamu anga anaseka nawo.

Anatisiya mwamtendere m'mawa wa pa 7 Malichi 2025, ali ndi zaka 72. Asiya akazi awo a Jane, ana atatu, a Yakobe, a Tiyese ndi a Thandie, komanso adzukulu asanu ndi awiri.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anapirira kukonzedwa ndi wodwala wawo, a mpingo, amayi amene aphika, adzukulu okonza kumanda, ndi nonse mwasiya ntchito zanu m'minda kudzatikhala pafupi. Kunena za kope lija, a Thandie apempha kuti lisapite nawo, likhale kwa iwo.

Alamu, mbiriyi ndaiwerenga katatu ndisanaime pano, kuopa inu. Ngati muli cholakwika, chisiyeni chidutse kamodzi kokha. Pitani mukapume, mlandu uja unatha. Mzimu wanu uuse mumtendere.