Feteleza wa pa Kapinga

Pamzere wa matekisi ku Germiston, mayi wina wa mpingo wa Zioni anamva bambo wakutsogolo kwake akulankhula Chichewa, macheza n'kuyambika.

"Ubatizo wa mwana wanga walephereka, bambo. Damu lonse ladzaza namasupuni, madzi ake obiriwira, onunkha. Abusa akuti tikamumiza mmenemo atuluka zilonda."

"Pepani, mayi. Zomerazo zikunenepa ndi feteleza."

"Iii, ndani amalima m'damu?"

"Palibe. Ine ndimagwira m'gadeni ku Bedfordview. Abwana amafuna kapinga wobiriwira chaka chonse, ndiye timangokhuthula matumba. Mvula ikagwa, amakokolokera m'ngalande mpaka kudamu kwanuko."

Kenako mayiyo anati:

"Chimanga cha amayi anga ku Ntcheu chachita chikasu chaka chino. Anasowa thumba limodzi lokha."