Mitengo yathu anaigulitsa ndi achimwene anga

Zikomo aulutsi pondiwerengera kalatayi. Ndine mayi wa ku Lungwena, ndipo ndikulemba mtima ukuwawa.

Madzi osefukira atatigwetsera nyumba koyamba, amayi a pamudzi pathu tinagwirizana zobzala mitengo m'mbali mwa mtsinje. Tinkaithirira ndi zidebe chilimwe chilichonse mpaka inatalika kuposa denga. Amene tinawasankha kuti aziiyang'anira anali achimwene anga a bere limodzi, munthu wosajomba ku mzikiti. Ndine ndinawatchula dzina pamsonkhano.

Chaka chatha ndinakhala miyezi iwiri kuchipatala ndikudwazika mayi athu. Pobwera ndinapeza zitsa zokhazokha. Achimwenewo anali atagulitsa mitengo yonse kwa owamba nsomba.

Nditawafunsa anangoti, "Achemwali, mvula ndi ya Mulungu. Mtengo ungaletse madzi?"

Mvula itabwera, mtsinje unagumukira pa zitsa pomwepo. Madzi analowa m'nyumba masanasana ife tikuona, n'kukokolola mbuzi, chimanga ndi makope a ana anga. Kusukulu komwe tinathawira, achimwenewo anali patsogolo pa mzere wolandira ufa, osandiyang'ana n'komwe.

Madziwo sindinawakwiyire, poti nyengo yasintha tonse tikuona. Chinandilasa mtima ndi funso la amayi anzanga: "Si iwe unati tiwakhulupirire?"

Pano tabzalanso, ndipo tikulondera tokha mosinthana. Achimwenewo timapatsana salamu panjira, koma pakhomo pawo sindinapondeponso.

Anzanga omvera, tiyeni tibzale mitengo, koma posankha woisunga tisayang'ane chibale.