Besi ya mukwa ya Bambo Josphat Kasonde

Malemu amene atisonkhanitsa pano, Bambo Josphat Kasonde, anabadwa pa 9 Juni 1963 ku Petauke, kumene atate ao anatumizidwa kudzaphunzitsa kuchokela ku Kasama. Sukulu anayamba mu 1970 n'kulekezela fomu 2, osati chifukwa chosowa nzelu, koma benchi linkawatentha. Mu 1981 anaphunzila ukalipentala. Mu 1988 anakwatila Amai Maureen a kwa Mwape, n'kukhazikika kuno ku Nyimba. Ndati kukhazikika, koma amai angachitile umboni kuti bambowa ngakhale kudya ankadya chiimilile.

Mu 2021 kwaya ya kumpingo kwathu inali ndi sipika ndi gitala yaing'ono, koma inalibe besi, gitala yamagetsi ya mawu aakulu ija. Malemu analumbila kuti aipanga ndi manja ao ndipo aimva ikulila m'tchalitchi asanafe. Tinawaseka, ndipo ine mlamu wao ndinali patsogolo.

Thupi ndi khosi la gitalayo anasema pathabwa la mukwa. Zingwe zinachokela ku mawaya a mabuleki a njinga ndi a njinga yamoto. Maginito anachotsa m'wailesi ya amai, wailesi yolila bwinobwino, ndipo mlandu umenewo sunaweluzidwe mpaka lelo. Waya wamkuwa woonda ngati tsitsi anaukulunga pamaginitopo, ukaduka n'kuyambilanso, kanayi konse.

Koma ukalipentala womwewo ndi umene unawagwetsa. Munthu wozolowela mashelefu ndi makwelelo, anatenga tepi yoyezela n'kukhoma tizitsulo ta pakhosi la gitala motalikilana mofanana ndendende. Abale anga, pagitala tizitsuloto timanka tifupikilana! Mu Disembala 2022 mwana wao Vivian, woimba gitala m'kwaya, anaiyesa m'shopu ya ukalipentala ya atate ake osailumikiza ku sipika, ndipo mawu onse anatuluka opotoka. Anawauza atate ake mosabisa. Malemu anakhala masiku atatu osamulankhula, akuyezayeza khosi lija ndi tepi, n'kumapeza kuti palibe pamene analakwitsa.

Mu 2023 matenda a shuga anakula, zala zinayamba kuchita dzanzi. Apa m'pamene anagonja. Anazula tizitsulo tonse, anapala khosi, anapachika tepi pamsomali, n'kuitana Vivian. Mwana ankadina chingwe akumvetsela, ndipo pamene waloza, bambo ankadula pomwepo osatsutsa. Kachitsulo kamodzi kankadya sabata yathunthu, pakuti sowo inkawapulumuka m'manja. Amai akawagoneka kuti apumule, potembenuka ankapeza bedi lokha.

Anaimaliza Loweluka pa 15 Malichi 2025. M'mawa mwake anavala suti, anaibeleka kumsana mpaka kutchalitchi, n'kukhala benchi loyamba. Vivian atangogwila waya kuti alumikize, magetsi anazima. Mapemphelo onse malemu maso anali pababu, phazi likugunda pansi, ulaliki sanaumve. Atabwelela kunyumba anatsamila chibwano pamukwa paja, Vivian akudina zingwe, kuti amveko kunjenjemela kwake m'nsagwada, pakuti popanda sipika besi imangonong'ona. Anati Lamlungu likudzalo sizilepheleka.

Lachiwili anagwa m'shopu. Tinathamangila nao kuchipatala kuno, kenako ku Petauke, kumene anatisiya Lachisanu pa 21 Malichi.

Malemu asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalila, amai a mumpingo amene agona pano, azibambo okumba manda, makalipentala anzao amene akhoma bokosili, ndi a Teddy Imasiku amene abwela ndi jeneleta kuchokela ku Petauke osapemphedwa.

Bokosi likamatuluka, Vivian aimba besi ija pasipika kwa nthawi yoyamba. Inu muimva, ine ndiimva. Mwiniwake sanaimve, ndipo zimenezi zikundiwawa kwambili. Tikupempha kuti nyimbo yoyambayo tigwile milomo, tisalile mokweza, imveke bwino.

Alamu, Mulungu akulandileni, muuse mumtendele.