Ndinakalipira Mulungu pa Njira Yokhotakhota

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Wolverhampton, ndipo ndinakhala milungu isanu ndi umodzi atandiimitsa ntchito pa mlandu womwe sindinapalamule.

Agogo ena aamuna a kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito anagwa m'bafa n'kuthyoka chiuno. Lamulo limati powanyamula tizikhala awiri. Tsiku limenelo anawanyamula okha Mai Banda, anzanga a kuntchito komanso a kumpingo, ine ndili kukhitchini. Koma pa pepala la shifiti, pa chipinda chimenecho, panali dzina langa. Manejala atafunsa, Mai Banda anangoyang'ana pansi.

Ndinapita kwa akulu a mpingo. Anandiuza kuti ndisawaulule Mai Banda, ali ndi ana atatu, viza yawo ikawonongeka alowera kuti. Nanga yangayi si viza? Lamulungu lotsatira ndinawaona Mai Banda akutsogolera kwaya, manja ali m'mwamba. Ndinatuluka nyimbo isanathe. Kuchokera apo kupemphera kunandikanika. Ndikagwada, pakamwa pankangobwera matemberero.

Lachitatu lina masana mvula inandithamangitsira m'tchalitchi china pafupi ndi kumene ndimakhala ku Whitmore Reans. Pansi anali atayala chinsalu chachikulu chojambulidwa njira yokhotakhota, amati labirinti. Mayi wachikulire amene ankayang'anira anandifotokozera kuti njirayo ndi imodzi yokha, munthu sasochera. Umavula nsapato, n'kumayenda ukupemphera mpaka pakati, kenako n'kubwerera. Ndinawauza kuti pemphero ndilibe, ndili ndi mkwiyo basi. Iwo anati, "Lowani nawo womwewo."

Ndinalowa ndikuponda mwamphamvu. Njirayo inangondiwonjezera ukali, chifukwa ukati wafika pafupi ndi pakati imakubwezanso kumphepete. Ndinamufunsa Mulungu kuti anali kuti pamene dzina langa linkadetsedwa. Ndinamuuza kuti anthu ake ndi amantha ndiponso abodza. Pofika pakati mawu anali atatha. Ndili chiimire pamenepo ndinaona kuti nanenso ndili m'bodzalo. Agogo aja ali m'chipatala, ana awo anauzidwa zonama, ine ndili chete.

Ndinapitanso ku labirinti kuja kawiri, ndikulimbana ndi mantha. Ulendo womalizawo, nditavala nsapato, ndinalunjika kwa Mai Banda. Pampando sindinakhale. Ndinati, "Amayi, Lolemba ku miting'i ya mlandu wanga kuntchito ndikanena zonse. Ndabwera kuti mukayambe ndinu."

Ananditchula wankhanza. Akulu a mpingo anandiimbira foni kawiri, sindinayankhe. Lolemba ndinafika ndekha, ndikudziwa kuti mawu anga okha sangakwanire popanda mboni. Titangokhala pansi, chitseko chinatseguka, analowa Mai Banda maso atatupa. Anaulula zonse, anaonjezanso kuti tsikulo tinali ochepa pa shifiti ndipo anaitana thandizo koma sipanabwere munthu.

Ndinabwerera pa ntchito. Mai Banda anawapatsa chenjezo lomaliza n'kuwatumizanso ku maphunziro, viza yawo ilipobe. Akulu aja sanapepese mpaka lero, ndipo ndisakunamizeni, ndikawaona mtima umawirabe. Imeneyo ndikuipemphererabe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva kukalipa kwanga osandikana, n'kundibwezera ntchito ndi dzina. Inu amene mwasenzetsedwa mlandu wa wina, musafooke, ndipo musalole munthu aliyense akutsekeni pakamwa ndi vesi. Ambuye akusungeni nonse.