A Bang Sapempha Mpando

Pabwalo la ndege la Gimpo, chikondwerero cha zokolola cha Chuseok chikayandikira, mpando wopita ku Jeju sungaupeze ngakhale utagwada. A Bang Gwang-seok, kaputeni wa kampani yaikulu amene salola kuti ife oyendetsa ndege anzawo tiiwale zoti iwo amawoloka nyanja, anali ataiwala kugula tikiti, chonsecho masana omwewo ankayenera kukaonana ndi makolo a mnyamata wofuna kukwatira mwana wawo Bo-ram.

Kunatsala kampando kamodzi kopinda, kumbuyo kwa oyendetsa, m'ndege ya kampani yotchipa. Wokapereka anali kaputeni wake, Pyo Deok-su, amene anali pambuyo pa a Bang kusukulu ya zouluka, munthu woti ukamuuza kuti "dikira pompa" udzam'peza chaka chamawa ali pomwepo. Ndiye kwathu kuno wamkulu sapempha kwa wamng'ono. Amangotsokomola, wamng'onoyo n'kuzindikira yekha.

"Ehem!" anatero a Bang, ataima pamaso pa Pyo, amene ankadya mpunga pabenchi.

Pyo anadzambatuka n'kuwerama. "Akulu! Chifuwa?"

"Si chifuwa."

"Chikumveka ngati chifuwa. Musauluke nacho, makutu amatseka."

"Ndati si chifuwa! Lero ukulowera kuti ndi kaminibasi kako kamapiko?"

"Ku Jeju, akulu. Koma si minibasi. Mutanena zimenezi paphwando la chaka chatha ndinakayang'ana bwinobwino. Mulibe kondakitala."

A Bang anayang'ana kudenga. "Ku Jeju eti? Kumakoma ku Jeju nyengo ino. Munthu atati afikeko lero lomwe, nkhomaliro isanakwane..."

"Sangafike. Ndege zonse zadzaza."

"Zonse?"

"Zonse. Kangotsala kampando kopinda kumbuyo kwanga. Koma kameneko ngakhale galu sangakhalepo."

"Anakuuza ndani zimenezo?"

"Inuyo, paphwando lomwe lija. Munatinso tsiku limene mudzapemphe kukwera ndege yathu tidzadziwe kuti mutu wasokonekera, tidzakuitanireni ambulansi. Munandilumbiritsa pamaso pa anthu."

"Unali mowa umenewo."

"Ayi, mowa unali phee m'botolo. Ankayankhula ndinu."

A Bang anasintha njira. "Tamvera, mphwanga. Kodi kumeneko amakupatsani zingati? Malipiro ako a pamwezi, ine ndimangopolishira nsapato."

Pyo anayang'anitsitsa nsapato zawo. "Akukuberani, akulu. Yakumanzereyo sinawale."

"Ndikunena kuti ndine munthu wamkulu ine! Ndikhoza kukuyankhulira kukampani kwathu. Uzikagona ku New York, osati kumangopita ku Jeju n'kubwerera ngati mwana wotumidwa kumsika."

"Ku New York mumagona bwino?"

"Kugona kwake kuti? Thupi likati usiku, kunja kuli dzuwa."

"Pepani kwambiri. Ine ndimagona kwathu. Ana amandidziwa."

Pomwepo foni ya a Bang inalira. Anali amake Bo-ram, ndipo mawu awo anamveka benchi yonse. Anati iwo afika kale kuhotela. Anati bambo amene sanaoneke tsiku lobadwa mwana, sanaonekenso tsiku lomaliza sukulu, akajombanso lero ndiye kuti paukwati Bo-ram adzagwidwa dzanja ndi amalume ake. Foni inaduka a Bang asanatsegule pakamwa.

Pyo anapukuta milomo. "Akulu, kodi mukufuna kupita ku Jeju? Ndikupatseni kampando kaja?"

Apa wanzeru akanangolumphira. Koma mwambo umati wamkulu ayambe wakana, amuumirize, akanenso, kenako alandire ngati akuchitira chifundo woperekayo. A Bang mwambo anaugwira ndi manja awiri.

"Aaa, ayi, usavutike."

"Chabwino." Pyo anakhala pansi n'kutolanso timitengo take todyera.

"Chabwino chiyani?"

"Mwati ndisavutike. Ndasiya kuvutika."

"Iwe, anakulera ndani? Wamkulu amafunsidwa katatu! Kawiri amakana, kachitatu n'kulola!"

"Ooo! Osanena bwanji?" Pyo anaimiriranso n'kuwerama. "Ndikupatseni kampando?"

"Ayi, zikomo."

"Ndikupatseni kampando?"

"Ayi ndithu. Ine ndi ndege zogulitsa madzi akumwa sitidziwana." A Bang anakonza tayi, anatukula chifuwa, kukonzekera kulola.

Pyo anatseka kabokosi ka mpunga n'kukaika m'chikwama. "Basi, zatha."

"Nanga kachitatu?"

"Kameneko kanali kachitatu, akulu. Koyamba ndafunsa foni itangoduka. Mwakana katatu konse. Mtima wanu ndi wolimba, ndimakusilirani."

"Koyamba kaja sikawerengedwa!"

"Ndinawerama. Ndikawerama ndiye kuti kawerengedwa."

"Ndiye funsa kachinayi!"

Pyo anabwerera m'mbuyo, maso ali tong'o. "Kachinayi? Nambala ya maliro ija, imene ngakhale m'chikepe saiika? Ndisanauluke? Mukufuna kupha anthu, akulu?"

"Lumpha, funsa kachisanu!"

"Kachisanu ndikafikako bwanji osadutsa pa kachinayi?"

"Deok-su, ndikukulamula monga mkulu wako!"

"Mukundilamula chiyani?"

"Kuti... kuti uzindikire wekha!"

Pyo anatsinzina, anakwinya nkhope, anayesetsa ndithu. "Ndazindikira," anatero. "Mukufuna madzi otentha a chifuwa chija."

Chimkuzamawu chinaitana anthu a ku Jeju. Pyo anavala chipewa, anakoka chikwama chake, anawerama komaliza n'kuyamba kuyenda. A Bang anayang'ana foni, pamene panali chithunzi cha Bo-ram ali kamwana kopanda mano akutsogolo. Chithunzicho anajambula ndi wina, iwo ali kutsidya kwa nyanja. Kunena zoona, ngakhale ndimadana ndi matama awo, apa anandimvetsa chisoni.

"Kaputeni Pyo!"

Pyo anaima. Chimalizireni sukulu, a Bang anali asanamutchulepo kaputeni.

A Bang anawerama mpaka chipewa chawo cha zingwe zagolide chinagwa n'kugubuduka. "Ndikupempha. Ndinyamuleni. Ndege yanu ndi ndege, ntchito yanu ndi ntchito, ndinalakwa ine. Ngakhale pansi ndikhala. Mwana wanga akundidikira."

Misozi inalengeza m'maso mwa Pyo. Anatola chipewa chija, anachisansa fumbi, anawaveka bwinobwino. "Akulu, mwapempha?"

"Ndapempha."

"Ndi pakamwa panu?"

"Ndi pakamwa panga."

"Mayo ine," anatero Pyo, n'kutulutsa foni. "Halo? Fulumirani kuno, pakhomo lokwerera ndege ya ku Jeju. Ndi bambo wachikulire, wavala yunifomu. Eya, zayamba pompano. Ayi, sakumenya anthu, akungowerama."

"Ukuimbira ndani?"

"Ndinalumbira, akulu. Komanso malamulo salola munthu wosokonekera mutu kukhala kumbuyo kwa woyendetsa."

"Sindinasokonekere! Ndili bwinobwino ine!"

"Ndiye kuti simunapemphe?"

"Ndapempha!"

"Halo? Mubweretsenso zingwe."

"Deok-su! Nanga mwana wanga?"

"Ndikangotera ndiwaimbira amake Bo-ram kuti mwadwala. Wodwala sadzudzulidwa." Pyo anatseka foni ndi chikhatho n'kuwanong'oneza mwaulemu wonse: "Ndipo musade nkhawa, akulu. Ndaitanitsa ambulansi ya chipatala chodula. Yotchipa sindingakukwezeni."